Funso Likufuna Chiyani? Mayeso a Chingerezi ndi Ana Athu a ku Domwe

Lero pa wailesi ino nkhani ndi ya ana athu amene akukonzekera mayeso a Chingerezi. Ngati mwana wanu wa sekondale ali panja, muitaneni akhale pafupi, abwere ndi kope ndi cholembera, chifukwa pakati pa nkhaniyi ndiwerenga kandime koti alembe.

Pa mayeso a Chingerezi pali gawo lina limene sakufunsa galamala kapena kukuuza kuti ulembe kalata. Amangokupatsa nkhani yolembedwa kale, pansi pake n'kuikapo mafunso, ndipo ntchito yako ndi kuwerenga, kumvetsa ndi kuyankha. Gawoli lili m'mayeso a boma a kalasi 12 kuno ku Mozambique. Lili mu MSCE imene bungwe la MANEB limalembetsa ku Malawi. Lilinso mu IELTS, mayeso aja amene mayunivesite ambiri a ku Britain, Australia ndi Canada amafuna munthu asananyamuke. Ukangoliona limaoneka lophweka kuposa magawo onse, poti mayankho ali papepala pomwepo. Koma ndi pomwe ana ambiri ochangamuka amataya malikisi. Ndikunena ana odziwa Chingerezi ndithu, oti amamvera mpira wa ku England osasowa womasulira. Pauta ya zotsatira za mayeso ikamatidwa pakhoma la sukulu, pa dzina lawo pali 8 kapena 9 pa 20, pamene pokhozera ndi pa 10. Kholo n'kumati mwanayu ndi waulesi. Nthawi zambiri si ulesi ayi, makolo anzanga. Mwanayo palibe anamuphunzitsa kawerengedwe ka funso.

Tivomereze kaye kuti mwana wa kuno wasenza katundu wolemera. Pakhomo amakula ndi Chichewa, chimene mabuku a boma kuno amachitcha Cinyanja. Akalowa sukulu amapeza Chipwitikizi chikumudikira. Pakati pa 1993 ndi 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri, ndipo linayesera kuno ku Tete ndi Cinyanja, komanso ku Gaza ndi Changana. Kuyambira 2003 njirayo inayamba kulowa m'sukulu zina. Chingerezi chimabwera chachitatu, mwana atasinkhuka kale, pamene mnzake wa ku Dedza anayamba kuchimva m'kalasi ali Sitandade 1.

Komabe ife a ku Angónia tili ndi mwayi wathu. Nkhondo isanathe mu 1992, mabanja ambiri a kuno anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ana awo n'kulowa sukulu za kumeneko. Ana amenewo lero ndiwo makolo, ndiye m'midzi yathu muli abambo ndi amayi amene Chingerezi anachigwira ali aang'ono, ndipo akadali nacho. Mu 1995 dziko lathu linalowa m'bungwe la Commonwealth ngakhale silinalamulidwepo ndi Britain, ndipo mukayang'ana mayiko amene atizungulira, Malawi, Zambia, Zimbabwe, Tanzania, South Africa ndi Eswatini, konseko Chingerezi chili ndi malo m'maofesi. Wofuna ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize akakhala nacho amayamba ndi phazi labwino. Ngakhale wophunzira za ulimi pa nthambi ya UniZambeze ku Ulongwe amapeza kuti zolemba zambiri za kafukufuku wa mbewu ndi matenda ake zili m'Chingerezi. Choncho nkhaniyi si ya ana a m'tauni okha.

Tsopano gwirani cholembera. Kandime aka ndakonza ndekha, kali ndi ziganizo ziwiri zokha, ndipo ndiwerenga pang'onopang'ono.

"Most farmers in the valley plant potatoes twice a year. However, few of them store their harvest, because buyers arrive as soon as the crop is dug."

Kwa amene Chingerezi chawadutsa, kandimeka kakuti alimi ambiri a m'chigwamo amabzala kachewere kawiri pachaka, komabe ndi ochepa amene amasunga zokolola, chifukwa ogula amafika kachewere akangokumbidwa.

Mu IELTS muli mtundu wa funso umene amakupatsa chiganizo, iwe n'kusankha chimodzi mwa zitatu. True, ngati ndime ikugwirizana nacho. False, ngati ndime ikutsutsana nacho. Not Given, ngati ndime sinanenepo kanthu. Chiganizo choyamba nachi: "The buyers come from Malawi." Ogulawo amachokera ku Malawi. Lembani yankho lanu.

Ndikudziwa kuti ambiri mwalemba True, ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Malole a ogula a ku Malawi mwawaona ndi maso anu. Ena mwa inu mwakwezapo matumba pa njinga kupita nawo kumalire, mwalandirapo makwacha m'malo mwa mametikali. Koma bwererani pa kope lanu, muike chala pa mawu amene akunena kumene ogulawo amachokera. Simuwapeza. Ndime yangoti ogula amafika, basi. Yankho ndi Not Given. Mwana wa ku London amene sanapondepo m'munda wa kachewere funso ili alikhoza, pamene mwana wa ku Domwe amene anakulira m'mizere alilakwa, ndipo chomulakwitsa ndi kudziwa zambiri. Zimenezi zimandiwawa mtima, chifukwa mwanayo sananame. Wangoyankha funso limene sanafunsidwe.

Nonse munakhalapo pabwalo la amfumu tsiku la mlandu. Tinene kuti mbuzi zadya chimanga cha mwini, ndipo aitana mboni. Mboniyo ikayamba kunena kuti mudzi wonse ukudziwa kuti mbuzi za uje n'zosamva, nduna imaidula pomwepo: "Ife sitinafunse zimene mudzi ukudziwa. Inu munaona chiyani?" Ikati inaona mbuzi zikutuluka m'munda koma mwini wake sikumudziwa, bwalo limailemekeza, chifukwa yanena mpaka pamene maso ake anafika. M'chipinda cha mayeso, mwana wanga, mboniyo ndiwe, ndipo zimene unaona ndi zokhazo zili papepala. Zimene unamva kwa agogo, zimene unaona pamsika, zimene aphunzitsi a sayansi ananena, zonsezo n'zabwino, koma pa gawo ili zisiye pakhomo.

Chiganizo chachiwiri: "All farmers in the valley plant potatoes twice a year." Apa wothamanga aona kuti mawu onse akufanana ndi a m'ndime, alemba True. Taonetsetsani. Ndime yati most, ambiri. Funso lati all, onse. Ngati ndi ambiri, ndiye kuti alipo ena amene satero, choncho chiganizocho chikutsutsana ndi ndime, ndipo yankho ndi False. Kusiyana kwa False ndi Not Given kuli pamenepa. Pa False umatha kuloza mawu amene akutsutsa. Pa Not Given palibe choloza.

Mwaona kuti malikisi apita chifukwa cha kamawu ka zilembo zitatu. Ana athu akamawerenga Chingerezi maso awo amathamangira mawu aakulu ovuta, monga harvest, n'kudumpha timawu tating'ono poyesa kuti amatidziwa kale. Koma olemba mayeso msampha amautchera pa timawu tomweto: all, most, some, only, always, often, never. M'kandime kathu muli kenanso. Ndawerenga kuti few of them, osati a few of them. Chilembo chimodzi chokhacho chimasintha mtima wa chiganizo. Akati few, wolemba akudandaula kuti ndi ochepa kwambiri. Akati a few, akunena kuti alipo ndithu angapo.

Nanga however uja ali kumayambiriro kwa chiganizo chachiwiri? Iyeyo ndi anzake, but, although ndi despite, ndi mawu okhotetsa nkhani, ngati "koma" ndi "ngakhale" athu. Pa mawu amenewa ndikufuna tichedwepo, chifukwa mafunso ofunsa maganizo a wolemba amagona pamenepa. Wolemba akhoza kuyamba ndi ziganizo zitatu zoyamikira feteleza wa m'sitolo, kuti amakulitsa chimanga msanga, kuti wadyetsa anthu ambiri. Kenako n'kuti however, nthaka ikutha mphamvu ndipo alimi aziphatikiza ndi manyowa. Funso likati kodi wolembayu maganizo ake ndi otani, mwana amene anawerenga ziganizo zoyamba zokha ayankha kuti akuyamikira feteleza. Chonsecho zoyambazo zinali malonje chabe, ndipo chimene munthuyo anabwerera chili kuseri kwa however. Mukawapeza mawu amenewa, alembeni mzere kunsi, muwerenge kawiri zimene zikutsatira.

Tibwere ku mafunso osankha A, B, C kapena D, amene ana a kalasi 12 amawadziwa bwino. Tinene kuti funso likuti, n'chifukwa chiyani alimi ochepa okha ndiwo amasunga zokolola? Yankho A likuti chifukwa amabzala kawiri pachaka. Yankho B likuti chifukwa mbewuyo imagulidwa nthawi yomweyo. Yankho C likuti chifukwa alibe mosungira. Yankho A lili ndi mawu enieni a m'ndime, twice a year, ndipo diso limakopeka nalo, koma mawuwo ndi a chiganizo china, sakuyankha funsoli. Yankho C ndi loona m'moyo wathu, tonse tikudziwa mmene kachewere amaolera akasowa malo abwino, koma m'ndime mulibe. Lolondola ndi B, ngakhale lagwiritsa ntchito mawu ena. Olemba mayeso amachita dala zimenezi. Yankho loona amaliveka mawu atsopano, labodza n'kulikongoletsa ndi mawu otengedwa m'ndime, kuti aone amene akumvetsa ndi amene akungofananitsa zilembo.

Palinso funso lija lakuti mawu akuti them mu mzere wakutiwakuti akuimira chiyani. Ife m'Chichewa chathu mawu amagwirana manja. Ndikati "zafika" mukudziwa kale kuti sindikunena anthu, ndikati "lagwa" simungaganize za mtengo. Chipwitikizi nachonso chimasiyanitsa eles ndi elas. Koma them wa m'Chingerezi amakwirira anthu, mbuzi ndi matumba pamodzi. Njira yake ndi kubwerera m'mbuyo, kutenga dzina limene ukuliganizira, n'kuliika pamalo pa them. Few of the potatoes store their harvest sizikumveka, kachewere sasunga zokolola. Few of the farmers, eya, pamenepo zagwira. Ndipo funso likakhala ndi mawu akuti not kapena except, dziwani kuti akufuna yankho limene silikugwirizana ndi ndime. Ambiri amaona yankho loona loyamba n'kulithamangira, osadziwa kuti afunsidwa labodza.

Za Chipwitikizi ndinene mosabisa kuti ndi chuma pa mayeso amenewa, ndipo ana athu asachite nacho manyazi. Mawu ambiri aatali a m'mabuku a Chingerezi anachokera ku Chilatini ndi Chifalansa, ndiye ndi pachibale ndi a Chipwitikizi. Mwana wa kuno akaona agriculture, population kapena development, zina amazizindikira msanga kuposa mnzake wa ku Ntcheu, chifukwa agricultura ndi população anakula nazo m'kalasi. Koma pali ena ofanana nkhope okha. Parents ndi bambo ndi mayi okubereka, pamene parentes ndi abale onse. Library ndi kobwereka mabuku, livraria ndi kogula. Pretend ndi kunamizira, pretender ndi kufuna kuchita chinthu. Actually satanthauza actualmente, ndipo push ndi kukankha pamene puxar ndi kukoka. Ndime ikati mtsikana anakhala ndi parents ake, funso n'kuti kodi anakhala ndi amalume ake, mwana woganiza m'Chipwitikizi agwa. Mawu otere si ochuluka kwambiri, ndipo mphunzitsi amene angawalembe papepala limodzi n'kulimata m'kalasi wapulumutsa malikisi a ana ambiri.

Mukakumana ndi mawu amene simunawaonepo, musaime. M'chipinda cha mayeso mulibe dikishonale, ndipo olemba mayeso sayembekeza kuti mudziwe mawu onse. Werengani chiganizo cha patsogolo ndi cha pambuyo, muone ngati mawuwo akunena chinthu chabwino kapena choipa, munthu kapena ntchito. Kawirikawiri zimenezo zimakwanira.

Kwa achimwene ndi achemwali amene mukulakalaka kukaphunzira kunja, nazi nambala za IELTS. Gawo la kuwerenga lili ndi mafunso 40, nthawi ndi mphindi 60, ndipo kwa olowera ku yunivesite nkhani ndi zitatu zazitali. Ndiye nkhani iliyonse muipatse mphindi pafupifupi 20. Palibe nthawi ina yapadera yokopera mayankho, zonse zithere m'ola lomwelo. Magiredi amafika pa 9, ndipo kukhoza mafunso pafupifupi 23 kumapereka 6, pafupifupi 30 kumapereka 7. Mukaona, mafunso asanu ndi awiri okha ndiwo akulekanitsa magiredi awiriwo, ndipo asanu ndi awiriwo akhoza kukhala omwe aja a most ndi all, a False ndi Not Given. Yankho lolakwa sachotsera malikisi, choncho musasiye mpata wopanda kanthu. Funso likakukanikani lidumpheni, mubwererenso nthawi ikatsala. Akalamula kuti yankho lisapitirire mawu awiri, inu n'kulemba atatu, mwalakwa ngakhale mfundo ili yoona, ndipo kalembedwe ka mawu kakaphonyeka amakuthethaninso. Mayesowa amayendetsedwa ndi British Council pamodzi ndi IDP ndi Cambridge, ndipo British Council ili ndi maofesi ku Maputo ndi ku Lilongwe. Kwa ife Lilongwe ndiye pafupi, koma ngakhale apo ndalama yake si yamasewera: yolembetsera, yoyendera, yogona. Banja likagulitsa ng'ombe kapena fodya wa chaka chonse kuti mwana akalembe, n'zomvetsa chisoni kuti abwere chimanjamanja chifukwa sanawerenge lamulo la mzere umodzi pamwamba pa mafunso.

Ena amafunsa kuti ayambe n'chiyani, nkhani kapena mafunso. Ine ndimati yambani ndi mutu wa nkhani ndi chiganizo choyamba cha ndime iliyonse, mwachangu, kuti mudziwe chili pati. Kenako werengani funso modekha, kawiri, mulembe mzere kunsi kwa mawu ofunika, ndiye mubwerere m'ndime kukafuna malo ake. Nkhani muithamange, funso mulichedwere. Ana athu ambiri amachita mosemphanitsa. Amatha theka la ola akulimbana ndi mawu aliwonse a m'nkhani, funso n'kungoliponyera diso kamodzi.

Aphunzitsi athu, ndikudziwa mmene mukugwirira ntchito. Kalasi yodzaza, mabuku osakwanira, ena mumapalasa njinga mtunda wautali m'chisanu cha mwezi wa June kuti mukafike pa nthawi. Pempho langa ndi limodzi ndipo silifuna ndalama. Pokonza mafunso a ndime, musamangoti nambala 4 yankho ndi B. Mwana akati B, mufunseni kuti zalembedwa mu mzere uti, aimirire, awerenge mzerewo mokweza. Kenako mufunse wina kuti A walakwika pati. Mafunso atatu okonzedwa motere aposa makumi awiri ongotchula zilembo. Ndipo inu ana, mapepala a mayeso a zaka zapitazo amene mumatumizirana pa WhatsApp ndi abwino kwambiri pophunzira, koma kuloweza mayankho ake n'kutaya nthawi. Nkhani ya chaka chino idzakhala ina. Lembani pepalalo nokha, wotchi ili pambali, kenako funso lililonse limene mwalakwa mulifufuze kuti linakupusitsani pati.

Makolo amene simudziwa Chingerezi, musaganize kuti nkhaniyi yakudutsani. Luso limeneli ndi limodzi m'zinenero zonse, ndipo mwana amene waligwira m'Chichewa amalitenga kupita nalo ku Chipwitikizi ndi ku Chingerezi. M'nyumba zambiri muli Buku Lopatulika kapena Malembo Oyera. Pali mapepala a malangizo a pa botolo la mankhwala opopera tomato ndi kachewere. Madzulo mwana akuwerengereni ndime imodzi, inu mumufunse kuti akuti chiyani. Akayankha, mufunseninso kuti, "Zimenezo zalembedwa, kapena wangoganiza? Tandionetsa pamene zalembedwa." Ndi funso lomwe lija la nduna pabwalo, ndipo inu mumalidziwa kuposa mphunzitsi aliyense.

Chinanso ndi nthawi. Mayeso athu amabwera kumapeto kwa chaka, mvula yoyamba itagwa, pamene dzanja lililonse likufunika kumunda. Ndikudziwa kuti kubzala sikudikira. Koma mwana amene akulemba chaka chino mumupatseko ola limodzi dzuwa lisanalowe, asamawerenge atatopa ndi kuwala kwa foni. Makamaka atsikana, amene akaweruka kumunda madzi, nkhuni ndi mphika zikuwadikira, alongo awo atakhala. Gawo la kuwerenga limafuna mutu wodekha, ndipo mwana amene sanazolowere kukhala ola lathunthu ndi pepala sangayambire m'chipinda cha mayeso.

Ndikusiyirani ntchito ya sabata ino. Lembani chiganizo ichi: "Although the road was repaired last year, only small trucks use it during the rainy season." Ndibwereza. "Although the road was repaired last year, only small trucks use it during the rainy season." Pansi pake lembani ziganizo zitatu zoti muweruze. Choyamba: "The road has never been repaired." Chachiwiri: "Large trucks use the road in the dry season." Chachitatu: "Large trucks do not use the road when it is the rainy season." Pa chilichonse musankhe True, False kapena Not Given, ndipo pambali pake mulembe mawu a m'chiganizo amene akukuchitirani umboni. Chachiwiricho mukambirane ndi anzanu a m'kalasi, mutsutsane ndithu, mukafunsenso aphunzitsi. Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzayamba ndi mayankho ake, kenako tidzalowa m'mafunso opatsa ndime mutu woyenera.